Kanyale Kachikasu

Kanayaka Lachiwiri ndili pa mlatho wa Bua,
kanyale kachikasu, pafupi ndi singano ya mafuta,
kosaphethira, kongondiyang'ana
ngati wangongole amene wakupeza pamaliro.
Kumbuyo anthu asanu ndi mmodzi, matumba atatu a mtedza,
ndi mayi wina wothamangira kuboda.
Ndinaluma tepi yakuda n'kukamata pamaso.
Ulendo unapitirira.

Koma galimoto siipusitsika ndi tepi.
Inayamba kutsokomola pa zitunda,
kunjenjemera ikaima pa siteji,
kumwa petulo ngati wina akuigulira.

A Chimtengo a pa Kamwendo anatchera khutu pa boneti,
anati mapulagi. Tinagula mapulagi.
Sabata yotsatira anati pampu.
Ndinagulitsa mbuzi, yabere.
Mnyamata wina wa foni yaikulu anafuna faifi sauzande,
anadinadina, kanyale kanazima,
tinagwirana chanza ngati tamanga ukwati.
Ndisanafike pa Waliranji
kanayakanso.

Zelipa amagwirira kuseri kwa chigayo, paboma,
pansi pa malata anayi ndi mthunzi wa mkesha.
Sanandifunse za kunyumba.
Anagwada, n'kupisa dzanja kunsi kwa chiwongolero,
analumikiza kachingwe, kabokosi kanadzuka
n'kulemba: P0102.

"Ikuti mpweya umene ikupuma siikuumva."
Ndinati ndiye tigule sensa.
Anaseka osatsegula pakamwa.
"Bambo, inu mumakonda kugula.
Mwana akati phazi likuwawa
simuyitanitsa phazi lina ku Lilongwe.
Mumayamba mwayang'ana munga.
Kabokosika kamaloza pamene pakupweteka,
chimene chaluma sikanena."

Anamasula sensa, anaipenda padzuwa, yoyera bwino.
Anatenga mita yake ya zingwe ziwiri,
chofiira apa, chakuda apo,
manambala osasuntha.
Ndiye anayamba kulondola waya ndi zala,
pang'onopang'ono, ngati mlenje pa mapazi a insa,
kudutsa kuseri kwa batire,
kutsikira kumene dzanja langa silinafikeko
chigulireni galimotoyi.

Dzanja linabwera ndi makoko a mtedza.
Linabwereranso: thonje la mpando, ulusi wa thumba,
ndi tizidutswa ta kope langa la ngongole
limene ndinakalipira nalo ana mwezi wathawu.
Dzina la a Malizani linali lodyedwa theka.
Pansi pa chisacho, waya wopyapyala ngati udzu,
wotafunidwa, watsala ndi tsitsi limodzi.

Khoswe.
Miyezi iwiri ndikumunyamula ulere,
Mkanda, Kapiri, kuboda ndi kubwerera,
osamufunsa ndalama ya ulendo.

Anasenda nsonga ziwirizo, anazipota,
anadontheza mtovu, kautsi kanakwera,
anakulunga bwino, anadina kabokosi.
Injini inalira liwu limene ndinali nditaliiwala.
Tinapita mpaka pa njanji n'kubwerera,
iye maso pa manambala, ine maso pa tepi.
Anaimatula ndi chikhadabo. Kunsi kunali mdima,
mdima wokoma.

Mtengo wake sunafike ngakhale mwendo wa mbuzi ija.
Pondibwezera chenji anamata katepi kaja
pathumba la malaya anga, kumanzere,
anati, "Katundu wanu, musasiye pano."

Sakanadziwa.
Chiyambireni mvula pamenepo pamandifinya ndikakwera chitunda,
ndipo amake Tiyanjane atopa n'kunena
kuti ndikayezetse magazi.
Ndimangokweza wailesi.

Madzulo ndinadutsa pa geti la chipatala.
Ndinachotsa phazi pa mafuta,
ndinayatsa indiketa,
inaphethira katatu, kanayi.
Kutsogoloko munthu anakweza dzanja,
ali ndi matumba awiri ndi nkhuku.
Ndinamunyamula.

Katepi kakadali pamalaya.
Mawa ndi Lachisanu, anthu sachuluka m'mawa.